Mainchesi 16 ndi Sitampu Imodzi: Kulembetsa Mfuti Yaifupi ku America

Ikani mfuti ziwiri patebulo, zonse za fakitale imodzi, zodya zipolopolo zofanana. Ina mpope wake ndi wa mainchesi 16, inayo wa mainchesi 15 ndi theka. Mutaziyang'ana muli chiimire simungadziwe kuti yaitali ndi iti. Koma m'zigawo zambiri za United States, yoyambayo munthu wamkulu wopanda mbiri ya milandu amaigula masana amodzi n'kupita nayo kwawo, pomwe yachiwiriyo ikapezeka m'nyumba mwake popanda chikalata cha boma, angathe kukaseweza zaka 10 kundende. Chosiyanitsa ndi kachidutswa ka chitsulo kosaposa kunenepa kwa chala cha mkombaphala.

Kwathu kuno timangomva zoti ku America mfuti amagula ngati tomato pamsika, ndipo pa mfuti zambiri mawuwo sali kutali ndi choonadi. Komabe pali kagulu ka zida komwe boma lalikulu la ku Washington limakalondera mwapadera kuyambira 1934: mfuti zachiwaya, zida zochepetsa kulira kwa mfuti, mabomba (omwe anawonjezeredwa mu 1968), ndi mfuti zapaphewa za mpope waufupi. Chida chilichonse cha m'gululi chimalembedwa m'kaundula, nambala yake pamodzi ndi dzina la mwini wake. Lamulo lake ndi National Firearms Act, eni akewo amangoti NFA, ndipo mfuti yomwe tikukamba pano amaitcha short-barreled rifle, mwachidule SBR.

Rifle ndi mfuti yowombera itatsamira paphewa, yomwe mkati mwa mpope wake muli mizere yopota yozunguza chipolopolo kuti chiziuluka molunjika. Imasanduka SBR mpope wake ukapanda kukwana mainchesi 16, omwe ndi masentimita pafupifupi 41. Imasandukanso SBR ngati munthu waidula moti utali wake wonse, kuchokera kumlomo mpaka kumbuyo kotsamira paphewa, sukwana mainchesi 26, kapena kuti masentimita 66.

Kayezedwe kake n'kosavuta, ndipo palibe malo okangana. Amatseka mfuti yopanda chipolopolo, n'kulowetsa kandodo kumlomo mpaka kakagunde m'kati, n'kuika chizindikiro pomwe mpope wathera. Akasolola kandodoko amakayeza ndi tepi. Chitsulo chilichonse chongopotera kumlomo, choti munthu angachimasule ndi sipanala, sichiwerengedwa. Chimawerengedwa pokhapokha atachiwotcherera kuti chisadzachokenso. N'chifukwa chake mudzapeza anthu ambiri ali ndi mfuti ya mpope wa mainchesi 14 ndi theka, wofanana ndi wa M4 ya asilikali a dzikolo, koma atawotcherera kumlomo kachitsulo kochepetsa lawi la moto kuti ifike pa 16. Mfuti ndi yomweyo, mphamvu ndi zomwezo, koma mapepala sakufunikanso.

Geti lotsala mpanda utagwa

Munthu akamva zimenezi amafunsa kuti, nanga mfuti yaifupi yalakwanji? Simesa pisito ndi yaifupi kuposa pamenepo, yolowa m'thumba la jekete, ndipo sagulira chikalata chapaderachi? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'mbiri.

Kuyambira 1920 mpaka 1933 dziko la America linaletsa mowa. Anthu sanasiye kumwa, anangosintha kogula, ndipo malonda a mowa wamseriwo anagwera m'manja mwa magulu a zigawenga olimbirana misika ndi mfuti. Pa 14 Febuluwale 1929 amuna asanu ndi awiri anaimikidwa moyang'ana khoma m'galaja ina ku Chicago n'kuphedwa ndi mfuti zachiwaya za Thompson. Mu Febuluwale 1933 ku Miami, Giuseppe Zangara anawombera komwe kunali Franklin Roosevelt, yemwe anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti, koma chipolopolo chinapha meya wa Chicago, Anton Cermak. Roosevelt atalowa m'boma, mkulu wake wa zamalamulo Homer Cummings anapita ku nyumba ya malamulo ya Congress ndi bilu yothana ndi zida za zigawenga.

Vuto linali loti boma lalikulu silinali ndi chitsimikizo kuti malamulo aakulu a dziko amalipatsa mphamvu yoletsa mfuti. Mphamvu yomwe inali yosakayikitsa ndi yokhometsa msonkho. Ndiye anati, sitiletsa, tingokhometsa: madola 200 pa kupanga chida choterocho, madola 200 enanso nthawi iliyonse chikasintha mwini. Mu 1934 ndalama imeneyo inali ngati mtengo wa Thompson yeniyeniyo, ndipo pa ndalama za lero ndi yoposa madola 4,000. Wodula mfuti ya madola khumi ankayenera kulipira boma kuwirikiza makumi awiri. Kaundula anabwera ngati buku la wokhometsa msonkho, loti adziwe amene walipira ndi amene sanalipire.

Bilu yoyambayo inaphatikiza mapisito, popeza ndiwo anali chida chenicheni cha mbava. Olemba biluyo anaona patali: ukatsekera munthu pisito, adzatenga mfuti yake yosakira nyama n'kuidula ndi sowo kuti ilowe pansi pa chikhoti. Choncho anaikamo mfuti zodulidwa kuti atseke mpata umenewo. Koma pokambirana, mabungwe a eni mfuti, kuphatikizapo National Rifle Association, anakana zolowetsa mapisito, ndipo aphungu anawachotsamo. Mfuti zodulidwa zija anazisiya momwemo. Mpanda unagwetsedwa, geti linatsala lili chiimire ndi loko wake, ndipo anthu akudzerabe pageti pomwepo patatha zaka zoposa 90.

Roosevelt anasaina lamuloli pa 26 Juni 1934. Poyamba malire anali mainchesi 18. Mu 1960 Congress inawatsitsa kufika pa 16 kwa rifle, pomwe shotgun, ija yomwaza timachaka posaka mbalame, malire ake ndi 18 mpaka lero.

Pali chigamulo chimodzi chomwe munthu ayenera kuchimvetsa asanakhudze fomu iliyonse. Mu 1968, pa mlandu wa munthu wina dzina lake Haynes, khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo la Supreme linati kukakamiza munthu kulembetsa mfuti yomwe akuisunga kale mosaloledwa n'chimodzimodzi kumukakamiza kudziulula yekha, zomwe malamulo aakulu a dzikolo amaletsa. Congress inakonza lamuloli chaka chomwecho. Inapereka masiku 30 oti aliyense alembetse zomwe anali nazo popanda mlandu, kenako inatseka khomo. Kuchokera pamenepo munthu wamba alibe njira yolembetsera SBR yomwe ilipo kale koma siili m'kaundula. Mukaipeza m'sutikesi ya malemu agogo ilibe mapepala, simungapite nayo kukapempha kuti muilembetse. Yatsala n'kuipereka ku boma basi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: chilolezo chimayamba, mfuti imabwera pambuyo. Wotembenuza ndondomekoyi, ngakhale ndi tsiku limodzi, wapalamula.

Njira ziwiri

Bungwe loyang'anira zonsezi ndi ATF, lomwe dzina lake lonse ndi Bureau of Alcohol, Tobacco, Firearms and Explosives. Mowa, fodya ndi mfuti zili pansi pa denga limodzi chifukwa zonse zinayamba ngati nkhani za msonkho, ndipo bungweli linali mu unduna wa zachuma mpaka 2003 pamene linasamukira ku unduna wa zachilungamo. Nthambi yake yosunga kaundula ili ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia.

Musanafike ku ATF, yang'anani kaye lamulo la chigawo chomwe mukukhala, chifukwa boma lalikulu silivomereza pempho lomwe likuphwanya lamulo la kwanuko. Ku New York, New Jersey ndi Hawaii munthu wamba saloledwa kukhala ndi SBR. Ku Texas, Arizona, Florida ndi zigawo zina zambiri n'zololedwa, bola chikalata cha boma lalikulu chikhalepo.

Kenako dzifunseni ngati muli m'gulu lololedwa kugwira mfuti n'komwe. Yemwe anapezeka wolakwa pa mlandu wa chilango choposa chaka chimodzi kundende saloledwa. Yemwe khoti linamupeza wolakwa pa nkhanza za m'banja saloledwa. Wosuta chamba saloledwa, ngakhale akhale m'chigawo chomwe chamba chimagulitsidwa poyera m'sitolo, chifukwa kwa boma lalikulu chikadali mankhwala oletsedwa, ndipo kunama pa funso limenelo ndi mlandu wina pawokha. Abale athu okhala kumeneko amvetse apa: wopanda mapepala okhalira m'dzikolo saloledwa mfuti ya mtundu uliwonse, ndipo wa viza yongokhala kanthawi, monga wophunzira kapena mlendo, naye ndi woletsedwa kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Wa green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo, lamulo la boma lalikulu limamulola ngati nzika.

Njira yoyamba ndi yogula mfuti yopangidwa kale yaifupi. Fomu yake ndi Form 4. Wogula ayenera kukhala wa zaka 21, ndipo amagula kwa wogulitsa yemwe pamwamba pa laisensi yake wamba amalipira msonkho wapadera wa pachaka womulola kugulitsa zida za m'gululi. Mumalipira ndalama zonse, koma mfuti simutuluka nayo. Imatsala m'sefa ya m'sitolo mpaka yankho litabwera, ndipo ogula amaseka n'kumati mfuti yawo ili kundende. Ngati ikuchokera kwa wogulitsa wa chigawo china, imayamba yasamuka pakati pa ogulitsa awiriwo pa Form 3, kenako n'kuyamba zanu.

Pa fomupo pamalembedwa dzina ndi keyala ya wogula, kampani yomwe inapanga mfutiyo, mtundu wake, nambala yake, kukula kwa chipolopolo, utali wa mpope ndi utali wonse. Pamafunika chithunzi cha nkhope ngati cha pasipoti, cha mainchesi awiri mbali zonse. Pamafunikanso zidindo za zala zonse khumi, pa makhadi otchedwa FD-258 a FBI, bungwe la boma lalikulu lofufuza milandu, kapena zojambulidwa ndi makina n'kutumizidwa pa intaneti. Masitolo ambiri a mfuti ali ndi makina otero pakauntala pomwepo. A ATF amapereka dzinalo kwa a FBI kuti afufuze mbiri ya munthuyo, ndipo zonse zikakhala bwino fomu imabwerera ili ndi sitampu yolembedwa nambala ya mfutiyo. Sitampuyo ndi ya mfuti imodzi yokha. Wofuna yachiwiri amayambanso pachiyambi. Potenga mfuti m'sitolo amadzazanso Form 4473, yomwe wogula mfuti iliyonse kwa wogulitsa wa laisensi amadzaza.

Njira yachiwiri, yomwe ambiri amadzera, ndi yopanga wekha. Fomu yake ndi Form 1, ndipo malamulo a boma lalikulu amalola wa zaka 18. Kupanga kuno sikuti munthu asule mfuti m'ng'anjo ayi. Mfuti ya AR-15, yomwe yafala kwambiri m'dzikolo, imagawika pawiri ndi timapini tiwiri toti munthu amakankha ndi chala. Mbali yam'munsi, yokhala ndi chowombera ndi nambala, ndiyo lamulo limaitcha mfuti. Mbali yam'mwamba, yokhala ndi mpope, imagulidwa ngati sipeya ya njinga. Kuchotsa yaitali n'kuikapo yaifupi sikutenga mphindi imodzi, koma pamaso pa lamulo munthuyo wapanga mfuti yatsopano, ndipo iyeyo ndiye fakitale.

Choncho amalemba pa Form 1 mfuti yomwe akufuna kudzapanga, mmene idzakhalire ikadzatha, n'kutumiza pamodzi ndi chithunzi ndi zidindo za zala. Kenako amadikira. Sitampu ikabwera ayenera kuzokota pa mfutiyo dzina lake, mzinda ndi chigawo chomwe waipangira, monga zimachitira kampani. Lamulo limanena ndi kuya kwake komwe: zilembo zilowe m'chitsulo osachepera 0.003 ya inchi. Pali timashopu tomwe ntchito yake ndi yomweyo, kuzokota maina ndi makina a laser. Ena amasankha kamalo kobisika, poti si onse amakonda kuona dzina lawo lili pambalambanda pa mfuti.

Msampha uli pa nthawi yodikirayo. Munthu wapupuluma amagula mpope waufupi sitampu isanafike, n'kuusunga m'kabati limodzi ndi mfuti yake, ati sindinalumikize. Mu 1992, pa mlandu wa kampani ya Thompson/Center Arms, khoti la Supreme linagamula kuti zipangizo zomwe zingalumikizidwe kukhala mfuti yololedwa kapena yoletsedwa sizili pazokha mlandu. Koma oweruza ananenanso kuti ngati zipangizozo zilibe ntchito ina kupatula kupanga mfuti yaifupi, kungokhala nazo pamodzi n'kupanga kale. Anzeru amadikira sitampu asanaitanitse mpope.

Za a polisi ndi za trust

Kwa zaka zambiri panali chipika china panjira. Fomu inkafuna siginecha ya mkulu wa polisi wa m'dera lanu, sheriff kapena wamkulu wa polisi ya mumzinda. Iye analibe lamulo lomukakamiza kusaina, ndipo m'madera ena ankangokana aliyense. Ndiye kuti mfuti yololedwa ndi chigawo komanso boma lalikulu inkaletsedwa ndi munthu mmodzi yemwe wabisa cholembera.

Maloya anapeza podzera. Lamulo limati mwini mfuti angathe kukhala munthu, kampani, kapena trust, chomwe ndi chikalata choika katundu m'manja mwa anthu omuyang'anira m'malo mwa ena, ngati chimene makolo amalembera ana awo chuma chamasiye. Trust sinkafunika siginecha ya polisi, zidindo za zala kapena chithunzi, poti pepala lilibe zala. Anthu anakhamukira kumeneko. Boma la Barack Obama linatseka mpatawo ndi lamulo lotchedwa 41F, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 13 Julayi 2016. Kuyambira tsikulo aliyense wokhala ndi ulamuliro mu trust ayenera kupereka zidindo za zala, chithunzi ndi fomu yakeyake, Form 5320.23. Koma lamulo lomwelo linachotsa siginecha ya mkulu wa polisi n'kuikapo kungomutumizira kope lomudziwitsa. Mbali zonse ziwiri zinatayapo kanthu n'kutolapo kanthu.

Trust sinafe, chifukwa ili ndi ntchito ina. SBR yolembedwa m'dzina la munthu mmodzi ndi ya iye yekha. Mnzake angawombere nayo mwini wake ali pomwepo, koma sangaibwereke n'kupita nayo. Ngakhale m'nyumba, bambo akachoka n'kusiya mayi akudziwa nambala ya sefa, maloya a zamfuti amachenjeza kuti pali poterera, popeza mayiwo ali ndi njira yofikira chida chomwe sichinalembedwe m'dzina lawo. Onse awiri akakhala oyang'anira trust imodzi, nkhawayo yatha.

Za kudikira tingonena mwachidule. M'masiku a mapepala a papositi, kudikira miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, kunali kozolowereka. Form 4 ya pa intaneti inayamba mu Disembala 2021, ndipo pofika 2024 anthu ambiri opempha m'dzina lawo ankalandira yankho m'masiku owerengeka.

Sitampu ikafika, chingwe sichinaduke. Mwini mfuti ayenera kusunga chikalatacho n'kuchionetsa wa ATF akachifuna, ndipo ambiri amapinda kope n'kuliika m'chikwama cha mfuti chomwecho. Akafuna kuwoloka nayo malire a chigawo, ngakhale kukasaka kwa masiku awiri, ayenera kupempha chilolezo pa Form 5320.20 asananyamuke, kunena komwe akupita ndi masiku ake. Chodabwitsa, chida chochepetsa kulira kwa mfuti, chomwe chili m'kaundula yemweyo, sichifuna chilolezo chotero. Akafuna kugulitsa, wogulayo amadutsa mu Form 4 ngati woyamba. Akamwalira, wolowa chuma amatenga pa Form 5, yomwe sinakhalepo ndi msonkho. Akatopa nazo, angabwezeretse mpope wautali n'kulembera a ATF kuti mfutiyo yatuluka m'gululi.

Wophwanya zimenezi chilango chake chimafika zaka 10 kundende, chindapusa chofika madola 250,000, kulandidwa mfuti, ndi kutaya ufulu wogwiranso mfuti ina iliyonse. Kuti inchi si yosewera nayo, anthu a kumeneko amakumbuka Ruby Ridge. Mu 1989 Randy Weaver anagulitsa ma shotgun awiri odulidwa kwa kazitape wa ATF. Sanapite kukhoti, ndipo mu Ogasiti 1992 apolisi a boma lalikulu anazinga nyumba yake pamalo otchedwa Ruby Ridge, m'mapiri a chigawo cha Idaho. Anafa ndi mwana wake Sammy wa zaka 14, mkazi wake Vicki, ndi wapolisi William Degan. Pamapeto pake khoti silinamupeze wolakwa pa mlandu wa mfutiwo, ndipo mu 1995 boma linalipira banjalo madola 3.1 miliyoni.

Lamba wa padzanja yemwe anasokoneza zonse

Tinene tsopano za chinthu chomwe chinaonetsa poyera kuti mzere wa mainchesi 16 waima pamchenga. Mfuti ya mpope waufupi yopanda chotsamira paphewa, yomwe inatuluka m'fakitale ili choncho, lamulo limaitcha pisito, ngakhale ikhale AR-15 yathunthu. Siifuna sitampu. Mu 2012 Alex Bosco anapanga chogwirizira chomangirira mfuti yotero kumkono ndi lamba, pofuna kuthandiza mnzake yemwe anali msilikali wolumala kuti aziwombera ndi dzanja limodzi. A ATF anachiona n'kunena kuti sichisandutsa pisito kukhala rifle.

Anthu sanachedwe kuona kuti chogwiriziracho chikhozanso kutsamira paphewa. Makampani anayamba kupanga zooneka ngati chotsamira chenicheni, zongosiyana ndi kalamba kamodzi. Mu 2015 a ATF analemba kalata yoti kuchitsamiritsa paphewa n'kupanga SBR. Mu 2017 anabweza mawuwo. Mfuti zotero zinagulidwa mamiliyoni. Imodzi inagwiritsidwa ntchito poombera anthu mumzinda wa Dayton mu Ogasiti 2019, komwe anthu asanu ndi anayi anaphedwa, ina mumzinda wa Boulder mu Malichi 2021, komwe anafa anthu khumi.

Mu Januwale 2023 boma la Joe Biden linatulutsa lamulo loti mfuti zambiri zotero ndi SBR. Eni ake anapatsidwa masiku 120, mpaka 31 Meyi, oti alembetse ulere, achotse chogwiriziracho, aike mpope wautali kapena apereke mfutiyo. Taganizani munthu amene anagula katundu wake m'sitolo masana, risiti ali nayo, kalata ya boma yovomereza ilipo, ndiye m'mawa wina n'kudzuka ali pafupi kukhala mkaidi. Mapempho omwe anafika anali pafupifupi 255,000, pomwe a ATF eni ake ankati mfuti zotero zilipo zosachepera 3 miliyoni. Makhoti anayamba kuliimitsa, ndipo mu Juni 2024 woweruza Reed O'Connor wa ku Texas analithetsa lamulolo m'dziko lonse.

Ine ndikaona nkhaniyi sindipeza woti ndimuombere m'manja. A ATF anasinthasintha mawu mpaka munthu wofuna kumvera lamulo sankadziwa poponda. Makampani nawo ankadziwa bwino lomwe chomwe akugulitsa, ndipo zoti ogula onsewo anali olumala n'zongonena. Koma gwero la chisokonezo ndi lamulo lenilenilo, lomwe limayeza kuopsa kwa chida ndi tepi. Kudula mpope kumachepetsa liwiro la chipolopolo, sikuwonjezera. Ubwino wake ndi woti mfuti imapepuka n'kumatembenuka msanga m'malo opanikizika, ndipo n'zoona kuti imabisika mosavuta, koma osati kuposa pisito. Ziwerengero za FBI chaka ndi chaka zimaonetsa kuti pa anthu ophedwa ndi mfuti yodziwika mtundu wake, ochuluka kwambiri amaphedwa ndi pisito. Kwa ife amene tinakulira komwe mfuti iliyonse imafuna laisensi ya ku polisi, zidindo za zala ndi kufufuzidwa mbiri sizikumveka ngati nkhanza. Chachilendo n'choti zonsezi amazifuna pa mfuti ya mainchesi 15, osati pa ya 16 kapena pa ija yolowa m'thumba.

Msonkho wa ziro

Madola 200 aja sanasinthe kuyambira 1934 mpaka 2025, ndipo kukwera kwa mitengo ya zinthu kunawadya pang'onopang'ono mpaka anasanduka ndalama yoti munthu wa ntchito angaipeze. Mu 2025 aphungu a chipani cha Republican anayesa kuchotseratu SBR ndi zida zochepetsa kulira kwa mfuti mu NFA kudzera m'bilu yaikulu ya misonkho. Mkulu womasulira malamulo a zokambirana mu Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress), Elizabeth MacDonough, anati bilu ya ndalama yodutsa m'njira yachidule singanyamule zimenezo. Ndiye anachita chomwe bilu ya ndalama ingathe: anatsitsa msonkho kufika pa ziro. Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2026 wopanga kapena wogula SBR salipiranso kanthu. Mfuti zachiwaya ndi mabomba zinatsala pa madola 200.

Bilu imeneyo sinakhudze kaundula, mafomu, zidindo za zala, kuzokota dzina, chilolezo chowolokera malire kapena zaka 10 zija. Wodula mpope popanda chivomerezo chifukwa wamva kuti msonkho unatha, mlandu wake ndi womwe uja.

Kutsitsako kunatsegula nkhondo ina. Mu 1937, pa mlandu wa Sonzinsky, khoti la Supreme linalola NFA kukhalapo ponena kuti ndi lamulo la msonkho lomwe limabweretsa ndalama ku boma, ngakhale zochepa, ndipo si ntchito ya oweruza kufufuza chomwe chinali m'mitima ya aphungu polikhazikitsa. Mabungwe a eni mfuti, monga Gun Owners of America ndi National Rifle Association, anathamangira ku makhoti a ku Texas ndi Missouri ndi funso limodzi: ngati kaundula anali buku la wokhometsa msonkho, ndipo msonkho kulibe, bukulo laimira pati? Unduna wa zachilungamo wa boma la Trump lomwelo, lomwe linasaina kutsitsako, unayankha poteteza kaundula. Unati opanga ndi ogulitsa zidazi amalipirabe msonkho wawo wa pachaka, ndiponso Congress ili ndi mphamvu ina yoyang'anira malonda odutsa malire a zigawo, yomwe aphungu a 1934 anaiopa kuitsamira.